Alamu Awiri M'nyumba Imodzi

Adokotala atatha kuona phazi la bambo a kwathu, anavula magolovesi n'kukokera mpando pafupi ndi bedi. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti dokotala wozungulira muwodi sakhala pansi wamba. Munali mu February 2024, mvula ili pakati, patadutsa masiku naini chitulukireni abambowo ku fiyeta komwe anawadula chala chachiwiri cha phazi lamanzere. Shuga amene takhala naye zaka 14 ndiye anatifikitsa pamenepo, kuyambira pa kathuza ka nsapato yothina yomwe anavala ku ukwati. Bala analisiya lotsegula, lakuya moti masiku oyamba ndinkayang'ana kukhoma anamwino akamatsuka.

"Mayi," anatero adokotala, "balali layera tsopano, ndipo fupa silinagwidwe. Tikhoza kumangomanga ndi gozi tsiku ndi tsiku, lidzatseka ndithu koma patapita miyezi. Njira ina n'kuika VAC. Mukaipeza, abambowa akhoza kukagona kwawo."

Abambo anadzutsa mutu. "Vaki ndiyenso chiyani, adokotala?"

Kwa amene simunaionepo, ndi kamakina kosaposa wayilesi ija agogo amamvera mpira, kokoleka paphewa ndi lamba. Namwino amadula siponji yakuda molingana ndi bala n'kuiika mkati, kenako amamata pamwamba pulasitiki yoonekera mkati yomwe siilola mpweya kudutsa. Pa pulasitikiyo amaboola kabowo n'kulumikiza kapaipi kopita ku kanisita, kabotolo komangiriridwa ku makinawo. Akayatsa, siponji ija imakhwinyata ngati masau ouma. Makina amakoka usana ndi usiku, kawirikawiri pa mphamvu ya 125 mmHg, ndipo kukokako kumachotsa madzi a m'bala, kumaphwetsa chotupa, kumasendezera milomo ya bala pamodzi, mnofu watsopano wofiira n'kuyamba kumera kuchokera pansi.

Usiku umenewo, nditagona pachitenje pansi pa bedi, ndinatha bandulo yonse ndikuwerenga. Njirayi anaitchukitsa ndi Louis Argenta ndi Michael Morykwas a ku yunivesite ya Wake Forest ku America, omwe anafalitsa zotsatira zawo mu 1997. Kampani ya KCI ya ku Texas ndiyo inayamba kugulitsa makinawo pa dzina loti V.A.C.; 3M inagula kampaniyo mu 2019, ndipo lero bizinesiyo ili ndi Solventum. Smith & Nephew ya ku Britain ili ndi akeake, Renasys, komanso kena kotaya ukagwiritsa ntchito kotchedwa PICO, kopanda kanisita, koyenera mabala osatulutsa madzi ambiri. Chomwe chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa 2005 mu magazini ya Lancet, chifukwa anthu ake anali ngati abambo: odwala shuga 162 odulidwa mbali ya phazi. Pa masabata 16, mabala anali atapola mwa anthu 56 pa 100 alionse oikidwa makina, pomwe mwa omangidwa mabandeji anali 39. Kafukufukuyo analipira ndi kampani yopanga makinawo, choncho ndinawerenga diso limodzi litatsinzina. Komabe zinandikwanira. Si matsenga, koma phazi linali lathu, ndipo kusiyana kumeneko sindikanakusiya patebulo.

Abambo ali pa khadi langa la sikimu ya zaumoyo ya kuntchito. Dzina la sikimuyo ndilisunga. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku City Centre, kalata ya adokotala ili m'chikwama. Mtsikana wa pakauntala anali waulemu, anawerenga kalatayo kawiri, n'kukafunsa mkati.

"Zimenezi timalipira, amayi," anatero atabwerako. "Koma mutenge kwa omwe ali pamndandanda wathu okha basi, ndipo musatenge kanthu chilolezo chisanatuluke. Mukatsogoza kutenga, ndiye kuti mwalipira nokha."

Anandipatsa mapepala anayi a maina. Ndinatuluka ndili wopepukidwa, poganiza kuti ntchito yatha: onsewa avomerezedwa, ndiye kungoloza mmodzi. Apa m'pamene ndinaphonya. Dzina kukhala pamndandanda kumatanthauza kuti kampaniyo ili ndi mapepala ake, inagwirizana mitengo ndi a inshuwalansi, ndipo ikatumiza bilu idzalipidwa. Mndandandawo sunena amene ali ndi katundu pashelefu lero, amene ali ndi namwino wodziwa kumata pulasitiki pakati pa zala, kapena amene amayankha foni Lamlungu. Zimenezo a inshuwalansi sazifufuza, ndipo poganizira bwino, si iwo amagona ndi wodwala.

Ndinakhala pabenchi pansi pa mtengo n'kuyamba kuimba nambala imodziimodzi. Ambiri anali mafamase wamba. Wina anamva ngati ndikufuna makina opopera fumbi m'kapeti. Wina anati ali nawo, ndibwere msanga, ndipo nditafika ku Old Town ananditulutsira makina oyamwa makhololo pakhosi. Anandiuza kuti n'chimodzimodzi, zonse zimayamwa. Si chimodzimodzi. Pakutha pa tsiku, pa mapepala anayi aja panatsala maina atatu odziwa chomwe ndinkanena.

Amene anandiwongolera mutu ndi namwino wina wachikulire wa muwodi, wa mawu ochepa. Atandiona ndikuyerekeza zithunzi za makina pafoni, anandikodola.

"Mayi, makina asakutengeni mtima. Makina ndi pampu chabe. Mukafunse siponji."

Anatenga kope langa lolembamo shuga wa abambo n'kutsegula kumapeto. Siponji imasinthidwa pa maola 48 mpaka 72 alionse, ndiye kuti katatu pa sabata. Adokotala akuyerekeza masabata sikisi. Katatu kuchulukitsa ndi sikisi, mapaketi 18, paketi iliyonse yosatsegula, ya siponji, pulasitiki ndi kapaipi kake. Kanisita imasinthidwa ikadzaza, ndipo ngakhale isadzaze siipitirira sabata. Kenako ananena chomwe sindikanachidziwa pandekha: zipangizozi siziyenderana. Kanisita ndi kapaipi za kampani ina sizilowa pa makina a kampani ina. Ukasankha makina, wakwatiwa ndi amene amaitanitsa siponji yake, ndipo akakusiya pakati palibe kwina kothawira.

Nthawi imeneyo mawu amenewa anali olemera. Kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zinkasowa m'mabanki, ndipo zipangizo zotere Malawi sapanga. Zimabwera pandege kapena pamsewu, zambiri kudzera ku South Africa. Kotesheni yomwe kale inkakhala mwezi inkalembedwa pansi kuti ithera masiku seveni.

Woyamba mwa atatu aja anali ndi ofesi yokongola, mpweya wozizira, ndi makina atsopano m'bokosi. Ankagulitsa, sankabwereketsa. Nditafunsa siponji, bambo wake anati mapaketi alipo anayi, ena ali m'njira kuchokera ku Johannesburg. Ndinafunsa kuti ali pati m'njiramo. Anati akudikira banki imasule ndalama, kenako sabata imodzi afika. Ndinafunsa za namwino. Anati amapereka kabuku, ndipo pa YouTube pali mavidiyo abwino. Sindikumunena munthuyo, sananame kanthu. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mapaketi anayi ndi masiku khumi okha.

Wachiwiri anali wa ku Blantyre. Mtengo wake unali wotsika kuposa onse, moti shotifo yathu, ndalama yowonjezera tokha pa yomwe sikimu imalipira, ikanakhala yochepa, ndipo mayi amene ndinalankhula naye ankaidziwa ntchito. Makina akanatumiza pa basi. Namwino wawo amabwera ku Lilongwe kamodzi pa sabata, masiku enawo tidzipezere tokha. Nditafunsa kuti makina akafa Loweruka usiku zikhala bwanji, anayankha moona mtima kuti ena angafike Lolemba. Ndinamuthokoza. Ndikanakhala ku Chilomoni kapena ku Namiwawa ndikanatenga kwa iyeyo osaganiza kawiri.

Pakati pa zonsezi panalowa alamu anga, ang'ono awo a abambo, omwe anabwera kuchokera ku Kasungu kudzazonda n'kukhala kwathu ku Area 25. Munthu wabwino, wachangu, wosakonda mapepala.

"Alamu, mukuvutikiranji ndi anthu a mafomuwa? Mnzanga wa ku Joni wawapeza pa Facebook, ogwiritsidwapo kale, theka la mtengo. Akwera basi Lachisanu."

"Nanga siponji yake, alamu?"

"Siponji ndi siponji. Ya matilesi ija siingachite?"

Sindinaseke, chifukwa funso lawo lili ndi pogwira. M'zipatala zambiri za mayiko osauka madokotala amapangadi njira yawoyawo, ndi gozi, kapaipi ndi mpweya wokoka wa pakhoma, ndipo amapulumutsa nayo miyendo. Koma kumeneko wodwala ali muwodi, maso a anamwino ali pa iye. Ife timakamba za chipinda chathu chogona. Ndinawauzanso kuti makina obwera m'chikwama cha mnzawo a inshuwalansi sangalipire ngakhale tambala, ndipo palibe angatiuze kuti anali pa bala la mtundu wanji, kapena kuti akukokadi pa mphamvu yomwe akulemba. Anakhala chete, koma nkhope inkaonetsa kuti mlamu wa m'tauniyu wanyanya.

Wachitatu ndinatsala pang'ono kumudumpha. Ofesi yake inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa mashopu, chikwangwani chofufuma ndi dzuwa. Mwini wake anali mayi amene kale anali namwino wa ku fiyeta. Nditayamba mafunso anga sanayankhe, anangotenga makiyi n'kuti, "Tiyeni mukaone." Mosungira katundu munali makatoni, ndipo tinawerenga limodzi mapaketi 26 a siponji yaing'ono ndi makanisita 11. Anandiuza kuti nditembenuze paketi iliyonse ndione deti yothera ntchito. Pakhoma panali satifiketi ya PMRA, bungwe lomwe lamulo la 2019 linakhazikitsa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board kuti liziyang'anira oitanitsa ndi ogulitsa mankhwala ndi zipangizo za chipatala. Namwino woyenda m'makomo anandionetsa yekha khadi lake la ku Nurses and Midwives Council of Malawi ndisanapemphe. Makina anali atatu, obwereketsa: awiri ali kwa odwala, amodzi otsala. Ndinafunsa kuti amenewo akafa?

"Ndikubweretserani anga osungira. Sindibwereketsa onse nthawi imodzi." Anatsegula kabati, ndipo analimodi achinayi.

Iyeyu ndi amene anandifunsa mafunso ambiri kuposa omwe ndinamufunsa. Kodi adokotala atsimikiza kuti fupa lilibe matenda? Mnofu wakufa anauchotsa wonse? Abambo amamwa mankhwala osungunula magazi? Kwanu magetsi amathima maola angati? Funso lomalizali lili ndi chifukwa chake. Makinawa sayenera kukhala ozima kupitirira maola awiri pa tsiku siponji ili m'bala. Zikatero siponji ichotsedwe, pamangidwe gozi wamba, apo ayi chomwe chimachiritsa chija chimasanduka chisa cha tizilombo. Mwamwayi tinali ndi kainveta komwe tinagula mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Pepala la makina linkati batire imatha maola 14. Mayiyo anati ndisakhulupirire pepala, batire yakalamba, ndiziwerengera naini.

Mtengo wake unali wokwera kuposa wa ku Blantyre, ndipo sikimu inavomera kulipira lendi ya makina ndi zipangizo mpaka pa mlingo wake, koma maulendo a namwino inati theka lokha. Shotifo inatiluma. Tinachotsa ndalama za ku banki m'khonde zomwe ndinkasungira fizi ya temu yachiwiri. Chilolezo chinatenga masiku atatu, chifukwa kalata yoyamba ya adokotala inalibe miyezo ya bala, ndipo anafuna utali, mulifupi ndi kuya kwake m'masentimita. Mwini kampani uja ndi amene anandiuza zoti ziwonjezedwe, popeza mafomu amenewo anawazolowera. A sikimu anatiloleza masabata awiri okha, kuti akatha tidzapemphenso.

Siponji yoyamba anaika kuchipatala adokotala akuona, ndipo tsiku lotsatira tinapita kunyumba. Namwino ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pa kabaza wa njinga yamoto, nsapato zili matope okhaokha. Abambo ankamwa mankhwala opha ululu patatsala theka la ola, makina ankazimitsidwa kaye, ndipo siponji ankainyowetsa ndi salaini kuti isazule mnofu watsopano. Zinkawawabe. Fungo la tsiku losintha silisimbika, ndipo ana ankapita kwa aneba. Chomwe ndinachita nacho chidwi n'chakuti namwinoyo ankawerenga mokweza tizidutswa ta siponji tomwe waika, n'kulemba nambala ndi deti pa pulasitiki ndi maka. Pochotsa ankawerenganso. Kachidutswa kakatsalira mkati mnofu umamera pamwamba pake, ndipo zimathera ku fiyeta.

Anandiphunzitsanso kuyang'ana kanisita m'mawa ndi madzulo. Madzi achikasu kapena ofiirira pang'ono, palibe vuto. Magazi ofiira piriwiri akudzaza msanga, zimitsani makina, musachotse siponji, panikizani pabala, thamangirani kuchipatala. Abambo amamwa asipirini tsiku lililonse, ndiye mawu amenewa ndinawamata pachitseko cha wodiropu. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linachenjezapo mu 2009 za anthu 6 omwe anamwalira ndi 77 omwe anavulala akugwiritsa ntchito makina otere, ndipo kutaya magazi ndiko kunali vuto lalikulu. Ena mwa anthuwo anali kunyumba ngati ife.

Abambo anawapatsa makinawo dzina, ankati ndi mkazi wamng'ono. Kogona ali nawo, kuchimbudzi ali nawo, ndipo usiku amang'ung'udza. Ine ndinkati bola ameneyu sadya ndiwo.

Usiku wa sabata yachiwiri, Loweruka, magetsi anathima cha m'ma 6 koloko madzulo kukugwa chimvula. Cha m'ma 1 koloko makina anayamba kulira. Ndinadzambatuka n'kukuwa, "Alamu! Alamu!" ndipo alamu a ku Kasungu anatulukira m'chipinda mwathu ndi mpini wa khasu, poganiza kuti ndikuitana iwo, kwabwera akuba. Kuyambira tsiku limenelo ana amati m'nyumba mwathu munali alamu awiri, wolira ndi wothamanga.

Pagalasi la makina panalembedwa kuti mpweya ukulowa penapake. Siponji inali itafufuma, kusonyeza kuti sikukokanso. Ndinayang'ana wotchi, ndikuwerenga maola awiri aja, n'kuimba nambala yomwe anatipatsa. Inaitana katatu.

"Musaope, mayi. Yatsani vidiyo. Alipo wogwira tochi?"

Alamu anaika mpini pansi n'kugwira tochi. Namwino anandiuza kuti ndiike khutu pafupi ndi phazi, ndiyendetse chala pang'onopang'ono m'mbali mwa pulasitiki. Pakati pa chala chachikulu ndi malo a chala chodulidwa chija panali kamluzu kakang'ono, tsiii. Thukuta la nyengo ya mvula linali litamatula ngodya. Anatisiyira mapepala apadera a pulasitiki pa zifukwa ngati zimenezi. Ndinapukuta khungu, ndinadula kalamba, ndinamata manja akunjenjemera. Koyamba sikanagwire, kachiwiri kanagwira. Siponji inakhwinyata tikuona, makina n'kukhala chete. Zonse zinatenga mphindi 25. Alamu anayang'ana foni, anayang'ana ine, n'kufunsa namwinoyo ngati amagona n'komwe. M'mawa sanatchulenso za mnzawo wa ku Joni.

Vuto lina linabwera ndi mapepala. Masabata awiri atatha, pempho lowonjezera linakakamira penapake mu ofesi ya sikimu, wosaina ali kumaliro. Masiku anayi tinali opanda chilolezo. Pamalamulo, mwini makina akanatha kudzawatenga kapena kutilipiritsa kashi. Anangoti namwino apitirize kubwera, za mapepala athana nazo yekha, ndipo anapita kukakhala pabenchi ya ofesiyo mpaka chinatuluka. Pamndandanda uja panalibe danga lolembamo khalidwe limenelo. Ulendo wachitatu ndinachenjera: ndinapempha adokotala kalata ya miyezo kutatsala masiku asanu, pamodzi ndi zithunzi za bala zomwe namwino ankajambula rula ili pambali.

Kuya kwa bala kunachoka pa masentimita atatu kufika pochepera theka. Kumapeto kwa sabata yachisanu adokotala anati zakwana, mnofu wafika pamwamba, zotsalazo amaliza ndi mabandeji wamba. Linatsekeratu mu May. Abambo tsopano amavala nsapato zotakasuka zomwe amadana nazo, ndipo madzulo alionse ndimawayang'ana kuphazi ndi tochi yomwe ija.

Makina anadzatenga namwino yemweyo, Lachisanu. Anayerekeza nambala ya pamakina ndi ya pafomu, anawerenga chaja, lamba ndi kachikwama, ndipo dipoziti yathu inabwera pa Airtel Money asanatuluke pageti. Mu wodiropu munatsala mapaketi atatu osatsegula, olipiridwa kale ndi sikimu. Ndinafunsa ngati ndiwabweze ku ofesi. Anati sangawagulitsenso kawiri, ndi athu. Kenako anazengereza pang'ono, n'kunena kuti ku Kawale kuli mayi wina amene bala la opaleshoni ya uchembere linatseguka, alibe sikimu, abale ake akusonkherana paketi imodziimodzi.

Ndinakatenga mapaketiwo. Asanawaike m'chikwama, anatembenuza iliyonse n'kuwerenga deti.